Madzi a Lizulu ndi Phunziro la Mizinda ya M'chipululu

 

Mwandipempha kuti ndikambe za malo, chuma ndi chikhalidwe cha Lizulu, kuno ku Ntcheu. Ndiyamba ndi funso limene ena angaliyese lachibwana. Mvula yomaliza kuno imagwa mu Epulo, ndipo yoyamba timaidikira mpaka Novembala, zaka zina mpaka Disembala. Pakati pamenepa palibe chogwa kumwamba, kupatula mawawa a mu Juni ndi Julayi. Pofika Okutobala udzu wapsa, mapiri ayera mbuu, ng'ombe zikuwerengeka nthiti. Koma mwezi womwewo imani m'mbali mwa msewu uwu wa M1 muone: kabichi waunjikidwa, tomato wafiira m'madengu, anyezi, karoti, zitheba, mbatatesi m'matumba. Pa makilogalamu 100 alionse a tomato kapena kabichi, oposa 90 ndi madzi. Pa mbatatesi ndi pafupifupi 80. Choncho lole imene imanyamuka pano usiku wa mu Okutobala kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre, katundu wake weniweni ndi madzi. Funso langa ndi lakuti: madzi amenewa akuchokera kuti, ndipo ndani akuwawerengera?

Pali anthu padziko lapansi amene funso limeneli anakhala nalo kwa zaka zikwi, chifukwa kulephera kuliyankha kunali imfa. Ndikunena anthu a m'mizinda ya alimi imene inamera pakati pa chipululu, pamalo pamene madzi a pansi amatumphukira pamtunda. Ndikutengereniko pang'ono, kenako tibwerere kwathu.

Kumadzulo kwa dziko la Egypt, makilomita pafupifupi 50 kuchokera m'malire a Libya, kuli malo otchedwa Siwa. Mvula ya chaka chonse kumeneko sikwana ngakhale mamilimita 20. Kuno timalandira mamilimita ozungulira 1,000, ndiye yerekezani nokha. Komabe ku Siwa kumakhala anthu oposa 30,000, ndipo akhala akulima kuyambira kale kwambiri, moti mfumu Alexander ya ku Macedonia itafikako m'chaka cha 331 Yesu asanabadwe inapeza malowo ali otchuka kale. Chuma chawo ndi azitona ndi zipatso za mtengo wa kanjedza wa kumeneko, m'bale wake wa kanjedza wa m'madambo mwathu, koma wobereka zipatso zikuluzikulu zotsekemera. Zonsezi zimathiriridwa ndi akasupe otuluka m'miyala ya pansi, madzi amene anasungika nthawi imene Sahara inali kulandira mvula.

Kumpoto chakumadzulo kwa China kuli mzinda wa Turpan. Uli m'chigwa chimene malo ake otsikitsitsa ali mamita oposa 150 kunsi kwa mulingo wa nyanja yamchere. Mvula ndi mamilimita pafupifupi 16 pachaka, ndipo nyengo yotentha imapyola madigiri 40. Mzinda umenewu umadziwika ndi mphesa. Madzi ake amachokera ku chipale chofewa cha m'mapiri a Tian Shan, chimene chimasungunuka n'kulowa pansi m'tsinde mwa mapiriwo. Makolo a kumeneko anakumba ngalande zoyenda kunsi kwa nthaka, zotchedwa karez, zotsetsereka pang'onopang'ono kwa makilomita angapo, kuti madzi ayende okha popanda pampu ndiponso popanda dzuwa kuwamwa panjira. Ku Algeria ngalande zoterezi amazitcha foggara, ku Oman aflaj, ndipo zisanu mwa za ku Oman bungwe la UNESCO linazilemba mu 2006 m'kaundula wa chuma cha dziko lonse.

Mizinda yotere imafanana pa zinthu zingapo. Ili ndi madzi pamene oyandikana nawo alibe. Ili panjira ya amalonda, ndiye zokolola zimapeza wogula. Ndi malo okumanira mitundu ndi zinenero. Ndipo, chimene ndikufuna muchigwire lero, ili ndi malamulo a madzi amene eni ake anapangana okha. Zitatu zoyambazo Lizulu ali nazo. Chachinayicho n'chimene chandibweretsa pano.

Tiyeni tione kaye pamene takhala. Lizulu ali pamsana wa mapiri otsika kuchokera ku Dedza kulowera kummwera, pamtunda wa mamita ozungulira 1,500. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake pamene a ku Golomoti ndi ku Sharpevale akugona panja chifukwa cha thukuta, inu mukufunda bulangete. Mbatatesi ndi mbewu ya kumapiri a Andes ku South America, ndipo imaika bwino usiku ukamazizira kutsika madigiri 20. Kabichi ndi karoti nazonso zimakonda mphepo yozizira. Mwayi woyamba wa Lizulu, Bembeke, Mlangeni ndi Tsangano ndi umenewu, ndipo palibe anaugwirira ntchito. Tinangoupeza.

Chachiwiri, msana umenewu ndi wogawa madzi. Dontho logwa kummawa kwa msewu limatsikira ku mitsinje ngati Livulezi kupita ku nyanja, kapena cha kummweraku ku Rivirivi kupita mu Shire. Dontho logwa kumadzulo limalowa m'mitsinje ya ku Angonia m'dziko la Mozambique, limafika mu Revúboè, n'kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Angerezi ndi Apwitikizi atagwirizana za malire pa 11 Juni 1891, anatsata mzere womwewu wogawa madzi. Omanga msewu nawonso anatsata msana womwewo, popeza pamsana sipafunika milatho yambiri. Ndiye malire, msewu wa M1 ndi magwero a mitsinje zinagona pamalo amodzi. Izi zikutanthauza kuti ife tili kumutu kwa madzi. Palibe mtsinje waukulu wotibweretsera madzi a kwina, monga Shire amachitira kwa a ku Chikwawa. Madzi a m'chilimwe a Lizulu ndi mvula ya Lizulu yomweyo, ya Disembala mpaka Malichi, imene nthaka yavomera kuisunga.

Imaisunga bwanji? Mvula ikagwa pamtunda pamene pali udzu, mitengo kapena mizere yopingasa, gawo lina limalowa pansi. Limadutsa m'dothi ndi m'miyala yofumbutuka, kuyenda pang'onopang'ono kwa masabata ndi miyezi, mpaka likatulukire m'mphepete mwa dambo. Dothi lakuda la m'dambo, lodzaza ndi mizu ndi zoolerana, limawagwira madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Dambo ndi nkhokwe ya madzi: mumaikamo dzinja, mumatapamo chilimwe, ndipo mukaboola kunsi kwake musadabwe kupeza mulibe kanthu pa nthawi ya njala. Mtunda ukakhala wopanda chophimba, mvula silowa pansi, imathamanga pamwamba. Imafika m'dambo tsiku lomwelo ili yofiira, imakumba chigwembe pakati, ndipo chigwembecho chimakhala ngalande yotulutsa madzi onse a m'dambomo. Akuluakulu muli pano mungatchule madambo amene paubwana wanu munkatitimira mpaka m'mawondo mu Seputembala, amene lero mwana amathamangitsamo mpira.

Tsopano za chuma. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu, 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mumzinda wa Blantyre. Lizulu ali pakati pa mizinda iwiriyi, pamsewu umodzi wowalumikiza. Aliyense wokazinga tchipisi pachiwaya ku Ndirande kapena ku Kawale, mayi aliyense wogula tomato wa pamulu ku Area 25, ali kumapeto kwa chingwe chimene mbali yake ina ili m'dimba la kumapiri kuno. Ambiri a iwo sadziwa, ndipo ife sitidziwerengera.

Tsatirani thumba limodzi la mbatatesi. Mlimi wagula kapena wasunga mbewu, wagula feteleza, wagula mankhwala a chiwawu, walipira aganyu, ndipo ngati ali ndi pampu wagula petulo. Feteleza, mankhwala ndi petulo zonse ndi zochokera kunja, motero kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse zinakwera pamodzi, pamene mtengo wa thumba unadikira kuti ogula agwirizane nawo. Akakumba, amanyamula pangolo, panjinga kapena pa kabaza mpaka pamsewu. Apa akumana ndi wopikula, ndipo muyeso si sikelo, ndi thumba. Thumbalo mukulidziwa: losokerera lina pamwamba, lofuna amuna atatu kapena anayi kuti likwere lole. Mlimi sadziwa makilogalamu amene wagulitsa, choncho sangadziwe ngati wapindula. Amangodziwa kuti m'thumba la malaya mwalowa ndalama.

Sindinabwere kudzatukwana mavenda. Venda amalipira lole, amagona pamsewu, amaluza katundu akaola, ndipo popanda iye mbatatesi zathu sizingafike ku msika wa Wakawaka kapena ku Limbe. Vuto ndi lakuti pokambirana mtengo, mmodzi angathe kudikira, winayo sangathe. Tomato wothyoledwa Lachiwiri safika Lamlungu. Ndipo popeza tonse timafesa nthawi imodzi, tonse timathyola nthawi imodzi. Mtengo umagwa, amayi amathamangira mawindo a basi ndi mabeseni, banyira akukula kuposa mulu wogulidwawo, ndipo madzulo zotsala zimatayidwa kuseri kwa msika. Tomato wotayidwayo ndi madzi a m'dambo amene munthu anawasenza ndi keni mwezi ndi mwezi. Ndinenepo mwapambali kuti kugulitsira pamphepete penipeni pa msewu waukulu kwatidyera anthu. Ngozi ya pa Kampepuza ya mu 2019, pamene lole inalowa mumsika, sitinaiiwale. Msika uyenera kukhala pafupi ndi msewu, koma osati pansi pa matayala.

Anthu a ku Turpan anakumana ndi vuto la zipatso zosachedwa kuola, ndipo kwawo msika unali kutali ulendo wa masabata pa ngamira. Anamanga tinyumba ta njerwa zadothi tokhala ndi mabowo m'makoma monse, pamalo okwera podutsa mphepo. Amapachikamo mphesa, mphepo youma ya m'chipululu imaziumitsa pamthunzi, ndipo mphesa zouma zimakhala miyezi osaonongeka. Mulibe magetsi m'tinyumba timeneti, mulibe makina. Kanjedza wa ku Siwa nayenso amaumitsidwa, azitona amafinyidwa mafuta. Wokhala m'chipululu anaphunzira kuti chimene sungathe kusunga, mtengo wake amakuuza ndi wogula. Ife makolo athu ankadziwa zimenezi: mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya ndi nzeru yomweyo. Koma pa mbewu zimene timapezera ndalama tasiya zonse m'manja mwa tsiku limodzi la msika. Anyezi woumitsidwa bwino n'kusungidwa pathandala lodutsa mphepo amadikira miyezi ingapo. Mbewu ya mbatatesi imasungika bwino m'kanyumba kolowa kuwala pang'ono ndi mphepo, ndipo imaphuka timphukira tatifupi tolimba. Zimenezi alangizi athu amazidziwa, ndipo sizifuna ngongole ya kubanki.

Pa mbewu ndiimepo pang'ono, chifukwa nkhani yake ikukhudzanso madzi. Ambiri timalima Rosita ndi Violet, ndipo chizolowezi ndi kugulitsa zikuluzikulu n'kusunga ting'onoting'ono kuti tidzabzale. Koma kawirikawiri kambatatesi kamachepa chifukwa phata lake linali lodwala. Ndiye chaka ndi chaka timasankha matenda n'kuwabzalanso. Akatswiri a zofufuza a boma, mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center la ku Lima m'dziko la Peru, anatulutsa mitundu ina monga Thandizo, Chuma ndi Zikomo, ndipo ku Bembeke, pafupi pompano, kuli malo ofufuzira mbewu imeneyi. Koma ngakhale mbewu yabwino ikalowa m'munda wodwala imadwala. Matenda ofotetsa mbatatesi ndi tomato, aja mmera umafota uli wobiriwira ndipo mbatatesi ukaidula imatuluka zoyera ngati mafinya, amakhala m'dothi zaka, ndipo amayenda ndi madzi othirira. Wa kumtunda kwa ngalande akataya zodwala m'madzi, wapatsira mudzi wonse wa kumunsi. Chimodzimodzi wotsukira sipuleya mumtsinje. Dimba ndi la mwini, koma madzi odutsamo si a munthu mmodzi.

Ndisanafike pa malamulo a madzi, ndikambe za anthu, pakuti lamulo limakhala pa anthu. Malire a 1891 anadutsa pakati pa mtundu umodzi. Angoni a kwa Maseko, atayenda ulendo wawo wautali kuchokera kummwera kwa Africa, kukafika ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania n'kubwereranso, anakhazikika cha m'ma 1870 kuphiri la Domwe, limene lero lili ku Mozambique. Anakwatirana ndi Achewa amene anawapeza, anatenga chinenero chawo, koma anasunga ufumu, ziwongo, ngoma ndi chikondi cha ng'ombe. Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Likulu la ufumu linadzakhala pano pa Lizulu, ndipo mpaka lero anthu a mbali zonse ziwiri amasonkhana ku Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano n'kunena Bayete kwa Inkosi ya Makosi imodzi. Maliro a tsidya lino amalira ndi a tsidya ilo. Pamsika pano kwacha ndi metikali zimadutsana m'manja, ndipo wogula mbatatesi ku Blantyre sangasiyanitse ya ku Ntcheu ndi ya ku Angonia.

Ubale umenewu unayesedwa pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980 anthu anaoloka msewu uwu ali ndi mitolo pamutu, ndipo pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 Malawi anali kusunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ntcheu ndi Dedza anali m'gulu la maboma amene analandira ambiri, ndipo ochuluka kuno sanakhale m'misasa yotchinga, anakhala m'midzi pakati pa abale awo. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 anabwerera kwawo. Katswiri wina, Harri Englund, analemba buku lonse, lotuluka mu 2002, lonena za moyo wa m'malire a Dedza ndi Angonia pa nthawi imeneyo. Ndi mbiri yotipatsa ulemu. Koma mapiri analipira nawo: anthu ochuluka chotero anafunika nkhuni ndi milimo, ndipo nkhondo itatha makala anapitiriza pamene nkhwangwa za nthawi ija zinalekezera.

Tsopano tulutsani K50 m'thumba, ngati ikupezekabe, muone nkhope ili pamenepo. Ndi Inkosi ya Makosi Philip Gomani wachiwiri. Ana asukulu amaphunzira kuti anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953. Chimene ambiri saphunzira ndi chida chimene anamenyera nkhondoyo. Njala ya 1949 itapita, boma la atsamunda pansi pa bwanamkubwa Geoffrey Colby linalimbitsa malamulo a malimidwe: kuunga mizere yopingasa, kukumba migula, kusalima m'mphepete mwa mitsinje. Wolephera ankalipitsidwa, kuzulidwa mbewu, ena kumangidwa. Mu Meyi 1953 Gomani anauza anthu ake kuti asamvere malamulo amenewa, posonyeza kukana chitaganya. Boma linamuimitsa paufumu, apolisi anabwera pano pa Lizulu kudzamutenga, anthu anatchinga, ndipo iye anaolokera ku Angonia pamodzi ndi mwana wake Willard ndi mbusa wachingerezi Michael Scott. Apwitikizi anawabweza. Gomani, amene anali kale wodwala, anamwalira mu 1954.

Gomani analondola, ndipo ndikunena zimenezi popanda kuchotsera. Lamulo lobwera ndi chikoti, lopangidwa ndi anthu amene sanafunse mwini munda, linayenera kukanidwa. Koma nkhaniyi inatisiyira chilonda chimene sitinachipoletse. Kuyambira nthawi imeneyo, mawu akuti usalime m'mphepete mwa mtsinje amamveka ngati mawu a mzungu, kapena a boma, kapena a bungwe lobwera pa galimoto yoyera. Chikoti chinali choipa, koma mizere yopingasa sinali yoipa, ndipo mtsinje sudziwa kuti amene ananena zoona anali wankhanza. Tinataya lamulo la mlendo, ndipo sitinakhale pansi kupanga lathu.

Apa ndi pamene anthu a m'chipululu amatiposa. Ku Ghadames m'dziko la Libya, pakasupe wa mzindawo pankakhala munthu usana ndi usiku ndi chibekete chobooka kunsi. Chikadzaza n'kukhuthuka, munthuyo ankamanga mfundo pa tsamba la kanjedza, ndipo banja lililonse linkadziwa kuti gawo lake ndi zibekete zingati madzi asanatembenuzidwire kwa wina. Ku Tozeur m'dziko la Tunisia amakumbukirabe Ibn Chabbat, amene anakonza kagawidwe ka madzi ka mzindawo m'zaka za m'ma 1200. Ku Algeria, pothera foggara pamakhala mwala wosemedwa mipata, mpata uliwonse kukula kwake molingana ndi gawo la banja, ndipo pali munthu wodziwika ndi mudzi wonse amene ntchito yake ndi kuyeza madzi. Ku Oman ankayeza nthawi yothirira ndi chithunzithunzi cha ndodo masana ndi nyenyezi usiku. Wolandira madzi ankayeneranso kupereka dzanja pokonza ngalande. Sikuti anthu amenewa anali oyera mtima kuposa ife. Milandu ya madzi inalipo, ndipo olemera ankakhala ndi magawo aakulu. Koma muyeso unali poyera, ndipo wakuba madzi ankadziwika kuti waba.

Ndipo mverani chimene chinachitika muyeso utatayidwa. Ku Turpan, m'zaka za m'ma 1950 kunali karez zoposa 1,000. Kutabwera zitsime zakuya za mapampu a injini, madzi a pansi anatsika, ngalande za makolo zinayamba kuuma imodzi ndi imodzi, ndipo zotsala zotuluka madzi lero ndi mazana ochepa. Ku Siwa vuto linabwera mwa mtundu wina. Msewu wa tala wochokera ku Marsa Matruh utafika m'zaka za m'ma 1980, msika unakula, anthu anakumba zitsime zambiri, madzi otsala m'minda anasowa kolowera, nyanja zamchere zinakwera, ndipo mchere unayamba kupha minda. Uku madzi anachepa, uku anachuluka, koma gwero ndi limodzi: aliyense anapeza mphamvu yotunga payekha popanda kufunsa mnzake.

Kodi si njira yomweyo tikuyenda? Agogo athu ankathirira ndi chipanda ndi mtsuko. Inabwera keni. M'zaka za m'ma 2000 anabwera mapampu opalasa ndi miyendo. Lero kuli a petulo ndi a sola. Sindikudandaula nazo, msana wa mayi wosenza keni kuyambira m'bandakucha ndi wofunika kuupumitsa. Koma keni inali ndi malire ake, kutopa kwa munthu. Pampu satopa. Mmodzi wa kumtunda akatchinga mtsinje ndi matumba a mchenga n'kuliza injini tsiku lonse, khumi a kumunsi amakumba zitsime m'mchenga. Chaka chamawa awiri mwa khumiwo agula mapampu awo n'kusamukira kumutu kwa dambo, kukalima pa kasupe penipeni.

Amene akuganiza kuti ndikuopseza, akumbukire damu la Mpira. Lili m'boma lathu lomwe lino, m'nkhalango ya Mvai, ndipo mipopi yake imamwetsa anthu a ku Ntcheu, Balaka ndi madera ena oyandikana nawo. Mu 2018 linaphwa, anthu anayenda pansi pake, ndipo mipopi ya ku Balaka inauma kwa miyezi. Mvula inachepa, inde, koma nkhalango yodyetsa damulo inali itadulidwa ndipo dothi linali litadzaza m'damumo. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Ndipo zaka za mvula yochepa sizikutalikirananso: mu Epulo 2016 boma linalengeza kuti dziko lili pangozi chifukwa cha chilala, ndipo mu Malichi 2024 linalengezanso m'maboma 23 mwa 28. Zaka zoterezi chimanga cha kumunda chikakanika, banja limathawira kudimba. Dimba nalo likauma tidzathawira kuti?

Malamulo a boma alipo. Pali lamulo la ulimi wothirira la 2001, pali lamulo la madzi la 2013 limene linakhazikitsa National Water Resources Authority, ndipo m'masikimu aakulu ngati wa Bwanje kunsi kwa phiri kuno, wa mahekitala 800, womangidwa ndi thandizo la Japan, alimi ali ndi bungwe lawo logawa madzi. Koma ulimi wa Lizulu si sikimu imodzi. Ndi timadimba zikwizikwi tomwazikana m'madambo a mayiko awiri. Palibe ofesi ya ku Lilongwe kapena ya ku Maputo imene ingaike mlonda pa kasupe aliyense. Okhoza kulondera ndi amene amamwapo, ndipo bwalo lokhoza kuweruza mlandu wa madzi tsiku lomwelo ndi la nyakwawa ndi gulupu. Mwayi wathu ndi wakuti mafumu a mbali zonse za msewu amamvana chinenero ndipo ambiri amagwadira ufumu umodzi. 

Poyambira ndi kuwerenga. Aphunzitsi, pano ndikulankhula ndi inu. Sukulu iliyonse isankhe akasupe ndi zitsime zingapo za m'dera lake. Ndodo yolembedwa masentimita ndi kope n'zokwanira. Ana ayeze kamodzi pamwezi, alembe tsiku limene chitsime chaphwa ndi tsiku limene chabwerera, ndipo afunse agogo awo kuti kale chinkaphwa liti. Pakatha zaka zitatu mudzakhala ndi umboni umene mudzi sungautsutse, popeza olemba ndi ana ake omwe. Pamenepo mudzi ungapangane: mutu wa dambo ndi kasupe zisiyidwe ndi udzu wake mikono yakutiyakuti, mapampu azilira mosinthana masiku, wotchinga mtsinje asiye mpata wa a kumunsi, zodwala zikwiriridwe kutali ndi madzi, bulugamu asabzalidwe pa kasupe. Mikonoyo ndi masikuwo musandifunse ine. Mukapangane nokha, chifukwa lamulo limene mwapanga nokha ndi limene mudzalisunge.

Inu a komiti ya msika ndi a khonsolo, ndalama ya chiphaso imene amayi awa amadula tsiku ndi tsiku ibwerereko ngati sikelo ya aliyense, shedi yosungira katundu ndi malo oimikapo malole kunja kwa msewu. Inu a makalabu a alimi, gwirizanani zofesa mosiyanitsa masabata, kuti tomato asapse yense mwezi umodzi.

Mafumu athu, bwalo ndi lanu. Itanani anthu mu Okutobala, mvula isanagwe, ndipo msonkhanowo usachitikire pansi pa mtengo wa kwa mfumu ayi, ukachitikire kumutu kwa dambo, aliyense aone ndi maso ake pamene madzi alekezera. Muitanenso anzanu a tsidya la msewu.